Kanema wa Gostino ndi Mpopi wa ku Mawamawa

Mu Ufumu wa Tithokoze kudandaula sikoletsedwa ayi. Amene angakuuzeni kuti nkoletsedwa ndi wansanje chabe. Munthu aliyense ali ndi ufulu wodandaula, bola akatenge kaye chilolezo ku likulu, ku Mimbayakhuta, ndipo akafika pawindo la ofesiyo ayambe wathokoza. Vuto ndi loti ambiri akamamaliza kuthokoza amapeza windo latsekedwa, kalaliki wapita kunkhomaliro.

Kuseri kwa likululo, mukadutsa kumayadi kumene agalu amasamba ndi sopo wonunkhira, kuli phiri louma lotchedwa Mawamawa. Dzinali silinachokere kwa makolo. Linachokera kwa akuluakulu a khonsolo, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankayankha ndi mawu amenewa akafunsidwa za madzi. Paphiripo ndi pamene pamagona anthu amene amadzutsa mzinda: akabaza, alonda, oswa miyala, amayi ochapa zovala za kumayadi, komanso Gostino Kambalame, wojambula maukwati.

Gostino anali ndi kamera imodzi yomangidwa ndi mphira pambali, ndi mbiri yoti mkwatibwi ngakhale akwiye bwanji, mu kanema amatuluka akumwetulira. Apongozi akatukwanirana mpunga, iye ankadula pamenepo nkuikapo nyimbo. Koma maukwati anali atamufika m'khosi. Zaka zisanu ndi ziwiri akujambula perekaniperekani, ndipo maanja ena ankatha kanema wawo asanadzamutenge nkomwe.

Chimene ankalakalaka chinali kanema weniweni, woima payekha: wopanda bwana, wopanda bungwe, wopanda chizindikiro cha kampani ya sopo pakona. Nkhani anali nayo m'nyumba momwe. Amayi ake, aNankhoma, ankadya za kuchapa, ndipo tsiku lililonse ankatsikira kuchitsime cha kuchigwa nkukwera phiri ndi ndowa pamutu, maulendo anayi, mawondo akulira ngati chitseko cha kusukulu ya boma. Kuchipatala anali atawauza kale kuti mawondowo atsala ndi chaka chimodzi, akapitiriza kukwera adzakhala pansi osadzukanso.

Mwamwayi chaka chomwecho mawa lija linafika. Lole ya khonsolo inatula mapaipi abuluu pabwalo la tchalitchi. Anthu anakumba okha ngalande kuchokera kumsewu waukulu mpaka pamsika, kunangotsala kulumikiza basi.

"Ndijambule msanga madzi asanabwere," anatero Gostino mumtima. "Apo ayi ana a mtsogolo adzayesa mpopi unangomera wokha ngati bonongwe."

M'mawa mwake anatsikira kuchitsime, kamera paphewa. Amayi anali pamzere ndi zidebe zawo, miseche ili mkati. Atangomuona onse anatembenukira kwa iye. Amake Dorofe, woswa miyala amene pakamwa pake pankaopedwa kuposa hamala yake, anatula chigubu nkumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Taima kaye, iwe mwana wa Nankhoma. Kanemayu ndi wa mabungwe kapena wa boma?"

"Si wa mabungwe, amayi, si wa bomanso."

"Nanga akukwatira ndani?"

"Palibe akukwatira."

"Wamwalira ndani?"

Pamenepa ndiyenera kukufotokozerani. Anthu a ku Mawamawa kamera ankaidziwa bwino kuposa mwini wakeyo. Nyumba iliyonse inkasunga majumbo awiri pansi pa bedi. M'jumbo yoyamba munali nsanza zochapidwa bwino, zodikira kamera ya mabungwe. Ikabwera imeneyo wailesi inkabisidwa, nkhuku nkupita kukacheza kwa aneba, ana nkuuzidwa kuti asamine, ndipo munthu ankayankhula motsitsa, maso pansi. M'jumbo yachiwiri munali chitenje cha nkhope ya Mfumu, chodikira kamera ya boma. Ikabwera imeneyo kunali kuvina, nthungululu ndi kuthokoza. Pakati pa majumbo awiriwa panalibe chovala china.

"Ingokhalani mmene mumakhalira masiku onse," anatero Gostino.

Amayi aja anayang'anana.

"Mmene timakhalira masiku onse? Pa kamera?" anafunsa amake Dorofe. "Nankhoma, mwana wakoyu ukumumva? Akufuna kutivula pagulu!"

"Musandifunse ine," anayankha aNankhoma. "Ine ndinabala munthu wabwinobwino. Zinazi anazitola kumaukwati."

Tsiku lotsatira theka la amayi linabwera mu nsanza, theka linalo mu zitenje za Mfumu. Mlonda wina wokalamba, poopa kulakwitsa, anavala jekete ya suti kumtunda, nsanza kumunsi, nati ajambulidwe mbali imene ingafunike.

Gostino sanafooke. Ankangoyendayenda ndi kamera yake m'mawa ndi masana, sabata ndi sabata, mpaka anthu anatopa naye nkuyamba kumuona ngati mbuzi ya aneba: ilipo, koma palibe amaivalira suti. Apo ndi pamene anapeza chimene ankafuna. Anajambula akabaza anayi akutsitsa mayi wapakati pa machira, akukangana za mpira njira yonse. Anajambula amake Dorofe akuswa miyala, mwala uliwonse akuupatsa dzina la khansala asanauphwanye. Anajambula amayi ake ali pakati pa chitunda, ataima ndi ndowa pamutu ngati akusirira mzinda, pamene akudikira bondo kuti livomere, nkumanena mawu oti m'tchalitchi sanganenedwe.

Polumikiza zidutswazo pakompyuta yobwereka, dzanja lake linachita zimene linazolowera. Pamene panali kutukwana anadula. Pamene panali kubuula anaikapo nyimbo yokoma ya kwaya. Kanema anatuluka wosalala ngati nkhope ya mkwatibwi, moti mwini wakeyo poonera anagwetsa msozi.

Lamulo la ku Tithokoze limati kanema aliyense amene mulibe keke ayambe waonedwa ndi Nduna ya Mbiri Yabwino. Gostino anapita naye mtima uli m'mwamba. Ankaopa kuti amuletsa, koma pansi pa mantha ake panali kachiyembekezo, pakuti anali atamva kuti kanema woletsedwa ndi amene amatchukitsa munthu.

Ndunayo, Olemekezeka a Mafutamkamwa, inaonera mphindi khumi zokha, nkuimirira.

"Mnyamata, vala tayi. Tikupita kunyumba yachifumu."

Kunyumba yachifumu anatseka makatani masanasana. Panja kasupe wopanga ankaponya madzi m'mwamba, madziwo nkugwa, nkuponyedwanso, popanda womwa. Mfumu Yaikulu Chikhutiro Wachitatu inakhala pampando wake, nduna zonse zitaizungulira, iliyonse ikuyang'ana nkhope ya Mfumu kuti idziwe ngati kanemayo ndi wabwino. Itafika nthawi yoti aNankhoma akukwera phiri, kwaya ikuimba, Mfumu inatulutsa kampango. Nduna zonse zinatulutsa timipango. Nduna ya Zaulimi, imene inaiwala kake, inalira ndi tayi.

"Mayi ameneyu ndani?" inafunsa Mfumu.

"Ndi amayi anga, Mwini Dziko," anayankha Gostino atagwada.

"Amakwera kangati?"

"Kanayi patsiku, Mwini Dziko."

"Osadandaula ngakhale kamodzi?"

Gostino anatsegula pakamwa, koma a Mafutamkamwa anamutsogolera.

"Mwadzionera nokha, Mwini Dziko. Ola lathunthu, palibe liwu limodzi lodandaula. Anthu akumva ludzu, koma akuimba kwaya!"

Nduna ya Chuma inaimirira, nkukonza mimba yake m'lamba. "Mwini Dziko, maiko ena ali ndi golide. Ena ali ndi mafuta a galimoto. Ife takhala tikukumba pansi zaka zonsezi osapeza kanthu, osadziwa kuti mgodi wathu ukuyenda ndi miyendo iwiri, ndowa pamutu. Kupirira! Sikufuna feteleza, sikufuna mvula, ndiponso mvula ikakana ndi pamene kumabereka bwino."

Kunali kuomba m'manja kwa mphindi zisanu. Kenaka Nduna ya Madzi, kamunthu kowonda kamene kanali kasanaphunzire kukhala chete, kanakweza dzanja.

"Pepani, Mwini Dziko, koma anthu amenewa tikuwalumikizira madzi sabata yamawa."

Nduna zonse zinayang'ana nkhope ya Mfumu. Kunkamveka kasupe wa panja yekha.

"Ukuti chiyani?" Mfumu inafunsa motsitsa. "Tangopeza mgodi lero, iwe ukufuna kuthiramo madzi?"

Tsiku lomwelo lamulo linatuluka, ndipo linawerengedwa pawailesi katatu. Phiri la Mawamawa linasanduka Malo Otetezedwa a Kupirira, ngati nkhalango ya nyama. Kunaletsedwa kulowetsako mpopi, phula, magetsi, ndi china chilichonse chimene chingasokoneze chilengedwe cha anthu ake. Kunakhazikitsidwa Unduna wa Kupirira, ndipo popeza undunawo unkafunika zimbudzi zamadzi, mapaipi abuluu aja anapezeredwa ntchito. Gostino anavekedwa mendulo.

"Mwini Dziko," anayesa kunena mendulo ili m'khosi, "mawondo a amayi anga..."

"Wakumbutsa bwino!" inatero Mfumu. "Mawondo amenewo tiwaika pa sitampa."

Pamene Gostino ankatsika minibasi pamsika wa ku Mawamawa, lole ya khonsolo inali ikupakira paipi yomaliza. Anthu anaima m'mbali mwa ngalande imene anakumba okha, manja kumbuyo, ngati ali kumanda. Palibe analira. Wogulitsa makala anangofunsa dalaivala ngati ngalandeyo aitenganso, kuti amuthandize kunyamula.

Amake Dorofe anamuona Gostino ali patali.

"Bwera kuno, bwana mendulo. Ati mu kanema wako mulibe wodandaula. Nanga mawu aja ndinanena a makhansala anapita kuti?"

"Ndinaikapo nyimbo, amayi."

"Nyimbo."

"Ya kwaya. Kuti zimveke bwino."

"Anthuni, mwamva? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikutukwana ndi mtima wanga wonse, mwana uyu wandisandutsa wa soprano!"

Msika wonse unaseka, kuseka kowawa kuja kumene kumatulukira m'mphuno. ANankhoma sanaseke. Anayandikira mwana wawo, nkugwira menduloyo, nkuitembenuza uku ndi uku monga amachitira ndi tomato.

"Yokongola, mwananga. Imalowa malita angati?"

M'mawa mwake Gostino anabwereka wilibala nkuikamo zigubu zinayi kuti azitungira yekha amayi ake. Pakati pa chitunda anakumana ndi asilikali awiri a Unduna watsopano, atavala yunifolomu yobiriwira. Anamulanda wilibala. Anati m'malo otetezedwa madzi amasenzedwa pamutu ndi amayi, monga zilili mu kanema, ndipo mwamuna wa ndevu ndi wilibala akuononga chithunzi cha dziko. Anamupempha kuti awasainire dzina pachipewa, pakuti kanemayo anawakhudza kwambiri.

Patatha mwezi Mfumu inaitana akazembe a maufumu oyandikana kuti adzaone mgodi watsopano. Pamwamba pa phiri anamanga nsanja, tenti yoyera, mipando yofewa, ndi tebulo lodzaza madzi a m'mabotolo. Pulogalamu inati nthawi ya teni koloko amayi akwera phiri ndi ndowa, alendo aomba m'manja, kenaka nkhomaliro. Gostino analamulidwa kujambula mwambo wonse, ndipo anamuika kuchigwa kuti awatenge amayiwo akunyamuka.

Teni koloko inakwana. Amayi anali pachitsime, ndowa zodzaza. ANankhoma, amene anaikidwa patsogolo pokhala mwini sitampa, anayang'ana chitunda, nkuyang'ana tenti, nkuyang'ana mawondo awo otupa ngati mapapaya. Kenaka anakhuthulira madzi m'chitsime momwe anawatunga, nkuvundikira ndowa, nkukhalapo.

"Nankhoma, bwanji?" anafunsa amake Dorofe.

"Ndakhala."

"Mpaka liti?"

"Sindinaganize. Koma kukhala nkokoma, tayesani."

Amake Dorofe anayesa. Wachitatu anayesa. Posakhalitsa chigwa chonse chinali amayi okhala pa ndowa, ena atatambasula miyendo, wina atayamba kuluka mnzake tsitsi. Gostino anawalozetsa kamera. Aka kanali koyamba kuona amayi ake atakhala pansi dzuwa lili pamenepo.

Kumtunda bandi ya polisi inaimba nyimbo yolandirira amayi, nkumaliza, nkuibwerezanso. Itayamba kachitatu, a Mafutamkamwa anatsika okha phiri, suti ili chinyowere, nsapato zosongoka zikutsetsereka m'fumbi.

"Amayi, amayi, chavuta nchiyani? Dzukani! Pirirani pang'ono chabe, alendo akuona!"

"Kupirira kwatha, bwana," anatero aNankhoma.

"Kwatha bwanji?"

"Mmene amathera shuga. Mumayesa kumatuluka pansi?"

"Koma dziko lonse likudalira inu!"

"Ndiye dzikolo litsike lidzasenze. Ndowa nayi, nkhata ndikubwerekani."

Ndunayo inatembenuka nkuona kamera itailoza.

"Iwe! Zimitsa chimenecho!"

Gostino sanatsitse kamera. Anakumbukira mendulo, anakumbukira ndende ya ku Mimbayakhuta imene anthu amati ili ndi khomo lolowera lokha. Kenaka anayang'ana mawondo aja.

"Batani lozimitsira linathyoka, bwana."

"Ndiye udzaikepo nyimbo!"

"Nyimbo nazonso zatha, bwana. Komanso akazembe aja anapempha m'mawa kuti aliyense ndimupatse kanema wa lero, apite naye kwawo. Ndinavomera pamaso pa Mwini Dziko."

Apa Gostino sananame. Ndipo akazembewo, atatopa ndi bandi, anali atayamba kale kutsika phiri, mmodzi akufunsa womasulira ngati kukhala pa ndowaku ndi gule wamakolo. Amake Dorofe anaimirira, nkukonza chitenje, nkutsokomola ngati munthu amene wasunga mawu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo wapeza omvera.

A Mafutamkamwa anagwada. Nduna yathunthu, mawondo onse awiri m'matope a pachitsime.

"Amayi anga, musatero. Mukufuna chiyani?"

"Funsani mwana wanga," anatero aNankhoma. "Ndi amene anapita kusukulu."

"Mapaipi, bwana," anatero Gostino. "Abuluu aja."

Zinthu zimene zinakanika zaka zonse zija zinatheka masiku atatu. Mapaipi anazulidwa ku zimbudzi za Unduna, nduna nkuyamba kupirira nazonso. Mpopi unaimikidwa pamsika. Mfumu inabwera yokha kudzadula riboni, nkunena mawu a maola awiri ofotokoza kuti madzi anali maganizo ake kuyambira ili mwana. Itapotokola mpopi, madzi anatuluka ndi mphamvu mpaka kunyowetsa nsapato za akazembe. Amayi analuluta, ulendo uno popanda kutsegula jumbo iliyonse. Gostino anajambula zonse.

Galimoto yomaliza itakhota pamsewu waukulu, Gostino anaika kamera m'chikwama. Mpopi unatsokomola kawiri, nkulavula kamphepo, nkukhala chete.

Anthu anathamangira kumsewu waukulu, kumene paipi yawo inalumikizidwa. Anapeza bambo wina wa khonsolo atakhala pa chitini, sipanala yaikulu pamiyendo, akudya chinangwa. Dzina lake anali a Layisoni, ndipo sanali munthu woipa.

"Musandimenye, abale anga, ine ndi wantchito," anatero akutulutsa kalata m'thumba. "Bwalo la nduna linagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, ufumu usachite manyazi pamaso pa anthu akunja. Chachiwiri, chuma cha fuko chisaonongeke. Ndiye alemba apa kuti: pakakhala kamera, tsegula, kamera ikachoka, tseka."

Anthu anayamba kulalata. Gostino anapempha kalatayo, nkuiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere.

"A Layisoni, apa alemba kuti kamera ya ndani?"

A Layisoni anaiyang'ana, nkuitembenuza kumbuyo, nkuiyang'ananso.

"Sanalembe, achimwene."

Gostino anatsegula chikwama.

Kuyambira tsiku limenelo, mukapita ku Mawamawa m'mawa uliwonse mudzamupeza ataima pambali pa mpopi, kamera paphewa, ataikweza bwino kuti a Layisoni aziiona ali kumsewu. Maukwati a m'mawa anasiya kuvomera. Lamulungu amapemphera ataima pomwepo. Atadwala malungo anamunyamula pampando nkumukhazika pamalo ake, amayi awiri atamugwirira chigongono. Batire ya kamerayo inafa mwezi wachiwiri, ndipo palibe anapita kukawauza a Layisoni. Mwina akudziwa okha, pakuti akazi awo amakhala achitatu pamzere.

Kanema woima payekha uja sanathe mpaka lero. Amene akuima payekha ndi mwini wake. Anzake ojambula akamadutsa popita kumaukwati amamufunsa kuti, "Aise, filimu ija ituluka liti?" Iye amangoseka, phewa likuwawa, dzanja nkuyamba kutsika pang'onopang'ono osazindikira. Kumsewu sipanala imagwedezeka. Madzi amayamba kuwonda.

Ndiye pamzere pamamveka mawu a aNankhoma, amene masiku ano amayenda mapazi makumi awiri okha kuchoka pakhomo pawo, ndipo mawondo awo anasiya kulira:

"Iwe Gostino! Kweza chinthucho, ndowa sinadzaze!"